Mtsinje Umodzi, Kasanu ndi Kawiri

Lachinayi usiku wopalira ndine.
Ndimatsika masitepe khumi ndi anayi
kunsi kwa nyumba ya kalabu yathu mu Tartu,
kumene makina amang'ung'udza pakona
ngati firiji yokalamba.
Magolovesi ndimavula ndi mano,
chipale chikusungunuka pa nsapato.

Nkhokwe ndi ya tonse, koma ili ndi polekezera.
Aliyense amathiramo zimene khutu lake latola:
belu la tchalitchi, mabuleki a basi,
akhwangwala a kumsika, mvula pa denga la galaja.
Wochotsamo palibe.
Ndiye komiti inagamula, Maarika akulemba:
fayilo yotha zaka zitatu osatsegulidwa ichoke;
mapasa akapezeka, atsale mmodzi.

Papepala n'zosavuta.
Makina amandiyalira mndandanda wofiira,
ine n'kumadina. Iyi ipite. Iyinso ipite.
Wina anaika kulira kwa sitima ya ku Valga kanayi,
dzina lokha n'kumasintha:
yomaliza, yomaliza yeniyeni, yomaliza ndithu tsopano.
Ndinaseka ndekha mpaka khofi kutayikira pa kiyibodi.

Kenako dzina la Endel Tamjärv.
Zaka zinayi osaponda muno.
Nkhope yake sindiidziwa. Ena amati ankakonza mawotchi,
ena amati anasamukira kwa mwana wake ku Pärnu,
Toomas amangoti, usafunse.
Anasiya mafayilo asanu ndi awiri
a dzina limodzi: Emajõgi akusweka, Malichi.
Makina akuti onsewo ndi mapasa.
Amene anawatsitsapo: palibe.

Lamulo silinena kuti uziyamba wamvetsera.
Ndinavalabe mahedifoni.
Madzi oundana akung'aluka, phwa! kenako zii,
kenako kukukuta ngati mano a munthu ali m'tulo.
Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu chimodzimodzi.
Pofika yachisanu ndinali nditaloweza
pamene galu amauwa kutsidya,
pamene njinga imadutsa pa mlatho.

Yomaliza inali yotalikirapo ndi masekondi asanu ndi anayi,
ochepa kwambiri moti makina sanawasamale.
Mphepo ikumenya maikolofoni,
ndipo pafupi, mawu a mayi wa chimfine:
Endel, zala zako zauma, tiye kunyumba.
Iye n'kuyankha: dikira pang'ono, sunathe.
Basi, pomwepo.

Ndinangokhala, fani ya makina ikuzungulira.
Kasanu ndi kamodzi anawadula mawuwo
kuti mtsinje umveke wokha, waukhondo.
Madeti akuti yaitaliyo inabwera patatha chaka,
nthawi ya 3 koloko usiku,
wopanda kalata, wopanda chifukwa.
Sindikudziwa chimene chinachitika pakati apo
ndipo si ntchito yanga kudziwa.

Ndinafufuta zisanu ndi imodzi. Ndisaname,
malo tikuwafuna, ndipo disiki yatsopano
ndi ndalama zimene kalabu ilibe.
Yotsalayo ndinaitsitsira pa kompyuta yanga.
Kanambala kanadumpha kuchoka pa ziro kufika pa wani,
zaka zitatu zija n'kuyambiranso kuwerengedwa.
Mu lipoti ndinalemba: mapasa 212 achotsedwa,
zogona 90 zapita,
imodzi yapezeka ili ndi womvera.
Maarika sadzafunsa kuti ndani.

Panja kunkazizira koluma makutu.
Ndinadzera pa mlatho ngakhale si njira yanga.
Mtsinje unali chitsekere pakamwa, mbee,
Malichi akadali kutali.
Wa njinga wina anadutsa, belu lake litauma.
Ndinatulutsa manja m'matumba
n'kuima pamenepo, ndikutchera khutu,
mpaka zala zitayamba kuwawa.